Kapinga wa a Sultani

A Sultani Awadhi ankanena poyera kuti pa nkhani ya udzu palibe angawapusitse. Anafika ku Nampula, ku Beira, ku Dar, ndipo kulikonse ankavula nsapato n'kuponda kapinga wa m'mahotela. Atamanga nyumba yawo ya alendo ku Kobwe, m'mphepete mwa nyanja, anafuna kapinga wosafa ngakhale dzuwa litakwiya chotani. Mu Okutobala mwana wawo Sarifa ankakwatiwa, ndipo akuchimuna ochokera ku Likoma anayenera kudzakhala pa udzu umenewo.

Ofuna ntchitoyo anali awiri, Issufo ndi Marko. A Sultani anagawa bwalo pakati ndi chingwe.

"Miyezi itatu. Wopambana ndimulemba ntchito zaka zitatu."

Marko anathamangira mbali yakumunsi.

Issufo anayamba kututa zidebe za ndowe za mbuzi ndi matumbo a nsomba owola. Ntchentche zinadzaza pakhonde. A Sultani ankamwa tiyi atagwira mphuno.

"Iwe Issufo, ndinati bwalo, osati dzala!"

"Bwana, mchenga uwu ulibe kanthu. Mizu iyambe yadya."

Marko ankabwera kamodzi pa sabata, malaya oyera, chikwakwa paphewa, wopanda chonunkha chilichonse. Koma mbali yake inabiriwira mpaka kuda, yofewa ngati matiresi, pamene ya Issufo inali kungophukira. A Sultani anathamangitsa Issufo ndi zidebe zake, n'kusainirana pepala ndi Marko. Analamula kuti mphasa zonse za ukwati ziyalidwe kumunsi.

Tsiku la ukwatiwo alendo atakhala pansi, a Sultani anavula nsapato n'kuyamba kuyendayenda pakati pawo.

"Pondani, asewele, pondani! Ku Beira kulibe wotere. Ndowe ayi, mankhwala ayi. Kudziwa kusankha munthu basi!"

Anathothola kaudzu n'kukatafuna. Pomwepo phazi lawo linatitimira mpaka m'kakolo. Madzi akuda anatumphuka pakati pa zala, fungo n'kukwera. Amayi anadzambatuka akukutumula zitenje zonyowa. Bambo a mkwati analavula.

"Marko ali kuti?" a Sultani anakuwa.

Zamda, wophika wawo, anayankha atatseka mphuno ndi mpango.

"Ataona mphasa zikuyalidwa wakwera boti, bwana. Ndi yemweyo anamanga dzenje la zimbudzi za alendo, inu muli ku Nampula. Simenti munatumiza ija inachepa, ndiye khoma lakumunsi sanamate."