Ambulansi Ikubwera

"Achimwene, kuno kumalire foni imathawira ku netiweki ya ku Zambia," Temwani anachenjeza Fadili, wopanga pulogalamu ya pafoni yoitanira ambulansi.

Fadili anaseka. "Osadandaula mayi, tayesa kachigawo kalikonse pakokha. M'malo mwa netiweki yeniyeni tinalowetsamo yongoyerekeza, ndipo sinakanepo uthenga."

Patatha mwezi, khanda la Temwani linayamba kupuma mobanika. Anadina foni m'mawa, foni nkulemba kuti, "Ambulansi ikubwera." Anadikira kumsewu mpaka dzuwa kupendeka, koma kunkangodutsa ngolo za fodya.

Kenako anakwera pachulu pomwe pamagwira netiweki yakuno, nkuimbira kuchipatala.

"Uthenga wanuwo sunafike," anatero mlembi. "Komanso zoitana ndi pakamwa tinasiya, mayi. Dinani pulogalamu, mukhala pamzere wa mawa."

Temwani anatsika nkukafunafuna nsalu yoberekera. Anatsimikiza zonyamuka wapansi kupita kuchipatala tambala asanalire.