Nambala 47 ya Anthu Awiri

Tiyanjane analowa m'nyumba akuvina, laputopu ili kukhwapa. Sabata yonse ntchito yake inali pangozi, chifukwa makina amene anaika pa kachipatala kena ka ku Nsaru ankapatsa odwala awiri nambala imodzi ya pamzere.

"Amayi, ntchito yapulumuka! Pulogalamuyo pakompyuta yanga inkayenda bwino, koma makina akuchipatala ubongo wake ndi wamtundu wina. Mawindo awiri olembetsera odwala akapempha nambala nthawi imodzi, onse ankaona 46, onse n'kupereka 47. Tsopano ndaika chowerengera chimene chimaona ndi kuwonjezera kamodzin'kamodzi, pamakina amtundu uliwonse. Palibenso kulowererana."

Mayi ake, a Loyce, amasiye osanyengerera munthu, anaseka mpaka kutaya mtedza umene ankasenda.

"Ndiwe unatipatsa nambala imodzi ine ndi a Ackson, eti?"

"A Ackson ake ati?"

"A 47 anzanga. Tinatukwanizana pabenchi m'mawa wonse, masana n'kugawana chinangwa. Loweruka akubwera ndi abale awo kudzaonekera."

Tiyanjane anasiya kuvina.

"Vina, mwanawe. Ukanafulumira kukonza zimenezo, bwenzi ine ndikugonabe ndekha."