Nguluwe ndi Miyala ya Amantha

Padangokhalatu, mvula itangosiya, Nguluwe adagula galimoto yokwera mapiri, nayamba kuyenda chotukula mphuno. Nyama zidali zitapangana kuti oyendetsa onse azitsata njira ya miyala yopaka laimu, yolambalala dambo momwe achule adawokera mpunga.

Tsiku la mpikisano wa magalimoto wopita kuphiri, Njati adachenjeza Nguluwe kuti, "Achimwene, musaone udzu kubiriwira, pansipo ndi phala."

"Miyalayo ndi ya inu amantha," adayankha Nguluwe. "Matayala awa sapempha njira."

Adakhotera m'dambo, napondaponda mpunga wa achule, kenako galimoto idatitimira mpaka m'mawindo. Njati pobwerera kuphiri adamupeza ali padenga, akukuwa kuti amukoke. Adamuponyera chingwe ali m'njira momwemo, koma chidaperewera.

"Pepani, chingwe changa chimathera pomwe pathera miyala ya amantha ija," adatero Njati, nachikulunga.

Achule adalowa m'galimotomo, naikira mazira pampando wa dalaivala. Mpaka lero Nguluwe amangofukula matope ndi mphuno yake ija, ndipo mukamufunsa amati akusaka mizu.