Borakisi wa pansi pa sinki

Panali munthu wina, wometa tsitsi, wamanja abwino koma waphuma. Pabalaza pake panali thanki yagalasi ya madzi amchere, ya nsomba zamawangamawanga ndi makorali. Korali, kwa inu osamudziwa, ndi chamoyo cha m'nyanja chooneka ngati mwala wanthambi. Thankiyo inali ya malemu mlamu wake, ndipo mkazi wake ankaisamala ngati khanda. Pakati penipeni panali korali wofiira amene malemuyo anaikamo ndi manja ake kadakali kakang'ono ngati chala.

Tsiku lina mayiyo akupukuta galasi anadandaula. "Achimwene ali moyo, korali uyu ankafiira psuu. Pano wayamba kuzilala."

Wometa uja mtima unagunda. Tsiku lobadwa la mkazi wake linali pafupi, ndiye mphatso inali itapezeka yokha! Anafunsa pagulu la pafoni la oweta nsomba, ndipo posakhalitsa anayankhidwa ndi munthu wodzitcha Katswiri, amene nkhope yake palibe anali ataiona.

"Bwana, pakuchepa boroni pamenepo, mchere wina umene korali amafuna m'madzi. Osavutika ndi timabotolo ta kusitolo. Borakisi wa m'nyumba yemweyo, ufa woyera wochapira uja, ali ndi boroni wambirimbiri. Thirani masupuni angapo, mudzandithokoza."

Chimwemwe chake tsiku limenelo, anatsala pang'ono kumeta nsidze za kasitomala. Poweruka anadzera kwa wogulitsa nsomba, osati kukafunsa ayi, koma kukadzitama.

Wogulitsayo anapukusa mutu. "Zoona, ena amagwiritsadi ntchito borakisi. Koma madziwo mwawayeza? Mwina boroniyo sakuchepa n'komwe. Ndipo amafunika borakisi weniweni, wosasakaniza ndi kanthu, woyeza pasikelo, wosungunula kaye, n'kumathira pang'onopang'ono. Nanga mwini thanki mwamuuza?"

"Aaa, achimwene, mphatso amalengeza?" anaseka wometa. Mumtima anati uyu akungofuna kundigulitsa timabotolo take.

Kutatsala tsiku limodzi, mkazi atangotuluka kupita kuntchito, bambo anagwada pansi pa sinki. Kuseri kwa sopo anapeza chitini cha borakisi. Ufa woyera bwino! Anathira supuni yodzaza, n'kuthiranso ina, kenako ina yakuti zifulumire. Anaphimba thanki yonse ndi nsalu, ulendo ku ntchito akuimba mluzu. Aliyense amene anakhala pampando wometera tsiku limenelo anaimva nkhani ya boroni, afune asafune.

Madzulo mkazi anadabwa kuona nsalu ija.

"Musatsegule, mayi a kunyumba! Nsomba ndadyetsa kale. Mudzaona mawa."

"Inu abambo, mwayambanso ziti?" anatero mayiyo akuseka. Anamukhulupirira mwamuna wake, nsalu sanaigwire.

Kutacha, wometa anavala malaya ake atsopano, n'kumuimika mkazi kutsogolo kwa thanki atatsinzina. Anakoka nsalu ija mwamphamvu. "Taonani!"

Madzi anali ngati mkaka wosungunula. Nsomba zina zinali pamwamba zikupuma wefuwefu, zina zitagona chagada. Korali uja anali atayera mbee, mnofu wake ukusupuka n'kumayandama.

"Mayo ine! Mwathiramo chiyani?"

Bambo anathamanga kukatenga chitini. "Ndi borakisi basi. Katswiri anati…"

Mayiyo anangokhala pansi. "Ameneyo ndinasakaniza ndi shuga. Ndi wophera nyerere."

Wometa anaimbira wogulitsa nsomba uja, amene anabwera msanga ndi zigubu za madzi amchere. Anafotokoza kuti borakisi wochulukayo anasokoneza madzi mwadzidzidzi, pomwe shuga anaswetsa tizilombo tosaoneka timene tinamaliza mpweya wonse. Anasintha madzi thukuta lili kamukamu, nsomba zochepa n'kupulumuka. Koma korali anali atapita. Wometa atalembera Katswiri, yankho linali lakuti, "Kwanga zinatheka," basi foni n'kutseka. Nyerere zokha ndi zimene zinapindula, chifukwa mankhwala ake anali atathera nsomba, ndipo masana omwewo zinandanda pamzere kukhitchini ngati zaitanidwa.

Bambo uja anagwada n'kupepesa mpaka mawu kusasa. Zinamupweteka kwambiri chifukwa zonsezi anachita mwachikondi. Koma pepani sapoletsa chilonda. Mkazi wake anavuula korali uja, woyera ngati fupa, n'kumukulunga m'nsalu yomwe ija. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa.

"Chitini chija ndinasakaniza ndine," anatero motsitsa mawu. "Tinadyera tebulo limodzi, tinagona chipinda chimodzi. Munafunsa munthu wopanda nkhope, ine osandifunsa. Lero achimwene ndawaika m'manda kachiwiri."

Mpaka pano fupa lija lili pa shelefu ya pabalaza, ndipo wometa amaliona m'mawa uliwonse akamatuluka.

Phunziro: Safunsa anadya phula. Chinthu chikakhala chamtengo wapatali kwa mnzanu, musachiyesere nzeru zotola pafoni, ngakhale cholinga chanu chikome bwanji. Yezani kaye, mverani amene wakuchenjezani, ndipo funsani mwini wake, poti ufa woyera suli umodzi. Tumizirani abale ndi anzanu nkhaniyi, makamaka aja amakonda kunena kuti "ndaziona pagulu". Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.