Mlendo Wosasankha

Abiba anamuchenjeza mwamuna wake pomwepo pagombe la Nkope: "A Jaffalie, munthu wosasankha muzimuopa. Ali nacho chimene anasankha kale mumtima."

Jaffalie anangoseka, n'kupitiriza kuthira mafuta mu injini ya boti lake, boti lomwe linkadyetsa nyumba yonse.

Amene Abiba ankanenayo anali mlendo wawo, mzungu wa ku Spain, dzina lake Anselmo. Chichewa ankachithyola pang'ono, koma ukamupatsa ziwiri kuti atolepo chimodzi, ankathawira m'chinenero cha kwawo. Chambo kapena kampango? "Me da igual." Akuti zonse n'chimodzimodzi. Tiyende m'mawa kapena masana? "Como quieras." Akuti mmene ungafunire iweyo. Uku akumwetulira, mapewa m'mwamba. Munthu wanji ameneyo, inu? Ngakhale mbuzi imasankha msipu.

Tsikulo mwera unali utadzuka. Asodzi anali atakokera mabwato awo kumtunda. Jaffalie anayang'ana mafunde, n'kuona kuti si oyendapo boti. Koma mwini boti sabweza mlendo amene anapangana naye ulendo, n'zamanyazi. Anangofunsa mozungulira: "Bwana, ku Malindi kuja tiwoloke lero, kapena bwanji?"

Anselmo anayang'anitsitsa nyanja nthawi yaitali, osaphethira. Kenako anamwetulira. "Como quieras."

Abiba, yemwe ankamvetsera pomwepo, anaganiza zake. Munthu woona mwera osagwedezeka amadziwa kuti nyanja simutenga iye. Itenga mnzake. Alipo anthu okhwima otero, musamati kulibe.

Ananyamuka ndithu, koma boti silinapite patali. Chifunde chinalimenya m'nthiti n'kuliponyera pamiyala. Matabwa anamwazika, injini inamira. Jaffalie anatuluka yekha akusambira, mwendo ukuchucha magazi. Mzunguyo anachita kumuvuula asodzi, n'kumugoneka pamchenga akusanza madzi.

Anthu anamuzungulira, ena atatola kale nkhafi. Abiba anali patsogolo, chitenje atamanga m'chiuno.

"Nenani lero! Mumafuna chiyani pa mwamuna wanga?"

Anselmo anadzutsa mutu, mano akugundana. "Mayi, ine kusambira sindidziwa. Ndinaopa kwambiri. Koma kwathu mlendo saphunzitsa mwini boti ntchito yake. Ndimadikira iyeyo anene kuti ayi."

Jaffalie anakhala pansi, manja kumutu, akuonerera matabwa a boti lake akubwera limodzilimodzi ndi mafunde. Iyenso ankadikira mlendoyo anene kuti ayi.