Chala cha Ba Tcheyamani

"Finyani dzanja langa, Ba Tcheyamani," anatero Sisita Lister, namwino wa kafukufuku wa mankhwala a nyamakazi.

Ba Oswald anafinya pang'ono n'kubuula. Kunena zoona, patsinde pa chala chawo chachikulu panali patasiya kale kupweteka, moti dzulo lake anali kutong'ola chimanga. Koma chiwachotsereni pa utcheyamani wa chipani ku Bundabunda, amene ankaponda pakhomo pawo anali namwinoyu basi, Lachinayi lililonse. Ndipo wochira sankamuyenderanso.

"Chikali kubaba?"

"Maningi, mwana wanga. Ichi chala chavota 'Inde' katatu pa masankho a pulezidenti, nthawi ya chipani chimodzi. Sichingapole msanga monga cha munthu wamba."

Namwino analemba zimenezo.

Lachinayi lotsatira Ba Oswald anasesa pabwalo n'kutulutsa mipando iwiri. Galimoto ya namwino inaima, koma injini sanazimitse.

"Nabwera kulaira, atate," anatero namwino pawindo. "Madokotala ku Lusaka akuti mankhwala siyasebenza. Nkhalamba zonse khumi na ziwiri zimene niyendera zikamba kuti palibe kusintha. Kafukufuku watha."

Galimoto itachoka, Ba Oswald anaima mpaka fumbi linatha. Kenaka ananyamula mpando wa mlendo ndi dzanja lodwala lija, osamva kuwawa ngakhale pang'ono.