Zithunzi za Kadona

M'chipinda cha adokotala a maso munali mipando iwiri ya odwala, koma a Kajambula anali chilili pafupi ndi zenera. Mpando wotsalawo unali pambali pa akazi awo, ndipo masiku amenewo sankafuna n'komwe kuti phewa lawo ligundane ndi la mayiwo.

Dzina loti Kajambula anawapatsa ndi makasitomala a kusitudiyo kwawo. Anali munthu waluso, ndipo lusolo sankalibisa. Mkwatibwi wa ziphuphu ankatuluka pachithunzi nkhope ili see ngati dzira, nkhalamba nazo zinkachokako zitabwerera ku unyamata. Eni akewo ankadzitama kuti palibe kanthu kamene kangadutse diso lawo.

Mwana wawo mmodzi yekhayo anali pamiyendo pa amayi ake, akuseweretsa zipi ya chikwama. Ankamutchula kuti Kadona chifukwa cha kayendedwe kake konyang'wa. Anali asanakwanitse zaka zitatu. Diso lake lamanzere linali litatupa, lili psuu, likuchucha misozi ngakhale mwiniwakeyo sankalira.

Adokotala anali mayi wa imvi, wolankhula motsitsa. Anayang'ananso zimene sikani inaonetsa, kenako n'kuvula magalasi. Sanafune kuzungulira.

"Ndi khansa ya m'diso," anatero. "Ndi matenda osowa, amagwira ana aang'ono. Disoli sitingalipulumutse, tiyenera kulichotsa. Chimene chikundidetsa nkhawa n'choti yafika kale mumtsempha wopita kuubongo. Tikachita opaleshoni ayamba kulandira mankhwala amphamvu. Tiyesetsa ndithu, koma sindingakulonjezeni."

Amake Kadona sanalire. Anangomukumbatira mwanayo mwamphamvu mpaka iye anayamba kudzipotokola.

"Ndinanena ine," anatero a Kajambula, maso ali kuzenera. "Munthu kuswera naye tsiku lonse, kumusambitsa, kumupukuta kumaso, koma osaona kanthu? Maso anuwo ntchito yake n'chiyani, amake Kadona?"

"Bambo ake, ndinaona atayamba kuwombana ndi zitseko. Tsiku lomwelo ndinathamanga naye kuchipatala."

"Madzi atafika kale m'khosi."

Mawu amenewa ndi amene anali nyimbo ya m'nyumba mwawo chiyambire kutupa kwa disolo. Chisoni chikasowa kolowera chimafuna munthu womuloza chala, ndipo amene anali pafupi anali mayiwo. Chomvetsa chisoni kwambiri n'choti iwo eni anali atayamba kukhulupirira kuti amupha okha mwana wawo. Anali atasiya kudya, nkhope itagwa, akuyenda ngati munthu wobwereka miyendo.

Adokotala anawayang'ana onse awiri. "Kodi muli ndi zithunzi zake, kuyambira ali wakhanda?"

"Apo ndiye mwafunsa mwini wake," anayankha a Kajambula. Ngakhale mumtima munali mdima, kunyada kwa ntchito kunasuzumirabe. Anatulutsa foni n'kuipereka ndi manja awiri.

Zithunzi zinali mbwee, zonse zojambula okha. Kadona akuphunzira kukhala pansi, atamutchinjiriza ndi mapilo. Kadona akuonetsa timano tiwiri. Kadona atavala nsapato za amayi ake, manja ali m'chiuno. Adokotala analibe nazo ntchito madiresi ndi timalamba ta m'mutu. Chithunzi chilichonse ankachikulitsa ndi zala ziwiri mpaka pagalasi patatsala maso okha, n'kupita pa china.

Mwanayo anatsika pamiyendo n'kukatsamira tebulo. Anapendeketsa mutu kuti aone ndi diso labwinolo.

"Ndine uyo!" anatero, akuloza ndi kachala. "Adadi anandijambula."

Amayi ake anayang'ana kudenga.

Patapita kanthawi adokotala anabweza foni ija n'kuusa moyo.

"Mayi, tulani katundu mwasenzayo. Palibe chimene mukanaona. Inunso bambo, lekani kuwaimba mlandu akazi anu."

A Kajambula anafuna kutsegula pakamwa, koma adokotala anakweza dzanja.

"Matendawa akamayamba, mwana samva kupweteka ndipo amasewera bwinobwino. Kawirikawiri chimene chimawagwira msanga ndi kamera. Fulashi ikawala, kamwana ka diso kamatuluka koyera mbee, ngati diso la mphaka. Makolo ena amabwera kuno chifukwa cha chithunzi chotero basi. Tikaipeza khansayi nthawi imeneyo moyo timaupulumutsa, mwinanso ndi diso lomwe. Koma apa ndayang'ana zonse, mpaka cha mwezi wathawu. Maso onse awiri ali bii. Ndiye kuti khansa yake yathamanga modabwitsa. Chiyambire ntchito sindinaonepo yotere."

Apa m'pamene amake Kadona analira. Analira mosadziletsa, mapewa akugwedezeka, kulira kwa munthu amene amumasula chingwe koma maliro akadali pakhomo. Sanabwezere mawu ngakhale amodzi mwa onse amene ananyozedwa nawo masiku aja. Anangotambasula dzanja n'kugwira la amuna awo.

"Mwamva, bambo ake? Si ine. Si munthu aliyense. Tiyeni tingolimba mtima, mwanayu akutifuna tonse."

Dzanja la a Kajambula linali zii. Kuyera kumene ankanena adokotalako iwo ankakudziwa bwino. Kunayamba kutuluka m'diso lamanzere Kadona asanayambe n'kukwawa komwe, ndipo iwo, akutukwana fulashi yawo yakale, ankakufufuta pakompyuta chithunzi ndi chithunzi, mosamala kwambiri, kuti mwana wawo azioneka wokongola.